Chinachititsa n'chani? Mkangano wakalekale umene timaupitiriza pa maliro

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi ina itakokoloka, anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa osapezekanso, panabuka mkangano pa Facebook, m'magulu a WhatsApp ngakhale m'maminibasi momwe. Ena amati Mulungu wakwiya ndi machimo athu, ena amati ayi tinadula tokha mitengo n'kukamanga m'phiri, ena amati ndi kusintha kwa nyengo kobwera ndi utsi wa mafakitale a mayiko olemera, pomwe achikulire ena a kumapiri amati ndi Napolo wadutsa ngati muja anachitira ku Phalombe mu 1991. Nde aliyense amamuona mnzake ngati wosaphunzira kapena ngati wosapemphera.

Mkangano umenewu sunayambe ndi Freddy ndipo si wa ku Malawi kokha, anthu anzeru zakuya akhala akukokana nawo kwa zaka zoposa 2,000 ndipo sanaumalize. Funso lake limaoneka lophweka: tikamati ichi chachititsa icho, kwenikweni tikunena chani? Kuti tisasochere tigwire chitsanzo chimodzi tiziyenda nacho, khoma la nyumba ya zidina lagwa usiku wa mvula n'kupsinja munthu ali mtulo.

Aristotle ndi mayankho ake anayi

Aristotle anali Mgiriki, anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Yesu asanabadwe. Iyeyu amati ukafunsa kuti chinthu chili chonchi bwanji pali mayankho a mitundu inayi ndipo onse akhoza kukhala oona nthawi imodzi. Nyumba ija ilipo kamba ka zidina ndi dothi zimene anamangira, ilipo kamba ka pulani yake yoti khoma likhale apa khomo likhale apo, ilipo kamba ka mmisiri amene anagwira ntchito, komanso ilipo kamba ka cholinga choti anthu azigonamo. Palibe yankho limene likulanda malo a linzake.

Maganizo amenewa analamulira masukulu a ku Ulaya ndi a Chiarabu kwa zaka mazanamazana. Koma m'zaka za m'ma 1600 anthu ngati Francis Bacon ndi René Descartes anati pofufuza za chilengedwe tisiye kufunsa za cholinga, tizingofunsa chimene chakankha chinzake basi. Sayansi inathamanga kwambiri itatula katundu ameneyo, izi n'zosakanika. Koma onani chimene chinatsala panja, mayi amene mwana wake wapsinjika ndi khoma safunsa za kulimba kwa zidina, amafunsa kuti zatanthauza chani kuti wanga yekhayu apite, ndipo funso limenelo ndi lija la cholinga limene sayansi inanena poyera kuti siiyankha.

Mulungu woyambitsa woyamba, zinazo zachiwiri

Akhristu ambiri, olo sanamvepo dzina lake, amayendera mfundo imene Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy wa m'zaka za 1225 mpaka 1274, anaifotokoza bwino. Amati pali woyambitsa woyamba amene ndi Mulungu, ndiye pali zoyambitsa zachiwiri zimene ndi mvula, dothi, tizilombo ta matenda, zosankha za anthu. Zachiwirizi si zachiphamaso ayi, mvula imanyowetsadi khoma ndipo khoma limagwadi ndi kulemera kwake, koma zonsezo zilipo ndipo zili ndi mphamvu kamba koti Mulungu akuzigwiriziza. Nde kunena kuti khoma lagwa ndi mvula komanso kunena kuti Mulungu walola si kutsutsana, ndi mayankho a pa misinkhu iwiri yosiyana.

A Presbyterian nawo ali nayo mfundoyi. Chivomerezo cha Westminster cha mu 1646, chimene mpingo wa ku Scotland unachilandira, ndipo tikudziwa kuti amishoni a ku Livingstonia mu 1875 ndi a ku Blantyre mu 1876 anachokera konko, chimanena kuti zonse zimachitika monga Mulungu anakonzera koma amazichititsa kudzera mu zoyambitsa zachiwiri, zina mosalephereka, zina mwa ufulu wa munthu, zina mooneka ngati zangochitika. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, wa mipingo ya Reformed kumene kunachokera amishoni a ku Nkhoma, amatchula mvula ndi chilala, thanzi ndi matenda, kulemera ndi umphawi kuti sizibwera mwangozi koma kuchokera m'dzanja la Atate. Tikamati pa maliro "linali tsiku lake" timakhala tikuyankhula chiphunzitso chimenechi.

Vuto lake aliyense amaliona msanga: ngati zonse zikudutsa m'dzanja lake, nanga zoipazi? Ndipo kodi tsoka ndi chilango? Apa Baibulo lenilenilo lili ndi mawu a mbali ziwiri ndipo n'chifukwa chake abusa awiri akhoza kulalikira zosiyana pa namondwe mmodzi yemweyo. Deuteronomo 28 amalumikiza chilala ndi matenda ku kusamvera, nkhani ya Nowa nayo ndi ya chilango. Koma anzake a Yobu amene amaumirira kuti wavutika kamba ka tchimo anadzudzulidwa kumapeto, pa Yohane 9 Yesu anakana kuti munthu wobadwa wosaona uja anachimwa iye kapena makolo ake, ndipo pa Luka 13 ananena za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera kuti sanali ochimwa kuposa ena a mu Yerusalemu. Nkhani ya nsanja imeneyo ndi ya khoma lathu lija ndendende.

Moto ndi thonje

Mu Chisilamu munachitika mkangano umene ine ndimauona kuti ndi wokoma kuposa yonse pa nkhaniyi. Al-Ghazali, wobadwira ku Tus ku Persia mu 1058, mphunzitsi wotchuka ku Baghdad, cha m'ma 1095 analemba motsutsa afilosofi otsatira Aristotle ngati Ibn Sina. Anati tenga thonje uliyandikize pa moto, lipsa, koma iwe waona chani kwenikweni? Waona moto ukukhudza thonje, waona thonje likuda n'kusanduka phulusa. Waona kuti zachitika pamodzi, sunaone kuti moto ndi umene wachita. Moto ndi chinthu chopanda moyo, chopanda chifuniro, nde wochita weniweni ndi Allah, amene ali ndi chizolowezi cholenga kupsa nthawi iliyonse moto ukakumana ndi thonje. Chizolowezi si unyolo, akafuna akhoza kusachita, ndipo n'chifukwa chake Ibrahim anaponyedwa pa moto osapsa monga Qur'an imanenera. Akhristu apa akumbukira Sadirake, Mesake ndi Abedinego.

Patapita zaka zoposa 80 Ibn Rushd wa ku Cordoba, ku Spain ya Asilamu, anamuyankha mwamphamvu. Anati ukachotsa mphamvu ya kutentha mu moto ndekuti mawu oti moto alibenso tanthauzo, chinthu timachidziwa ndi zimene chimachita, ndipo wokana zoyambitsa wakana nzeru yeniyeniyo. Anawonjeza kuti dongosolo la chilengedwe ndi umboni wa nzeru za Mlengi, nde kulifooketsa si kumulemekeza. Onse awiri anali Asilamu okhulupirira, mkangano wawo sunali woti Mulungu alipo kapena palibe, unali woti kodi zolengedwa anazipatsa mphamvu yawoyawo kapena ayi. Akatswiri mpaka lero amatsutsanabe kuti al-Ghazali anafika pati kwenikweni, sinanga m'zolemba zomwezo anatsegulanso khomo lina loti zinthu zikhoza kukhala ndi chibadwa chake chimene Mulungu amatha kuchitchinga.

Ndipo asatinamize munthu kuti chiphunzitso chotere chimatanthauza kukhala manja lende. Pali hadisi yodziwika, kutanthauza nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, ya munthu amene anafunsa Mtumikiyo ngati amangirire ngamila yake kapena angodalira Allah, yankho linali loti aimangirire kenako adalire. Ku Ulaya nako wansembe wa Chikatolika wa ku France, Nicolas Malebranche, amene anamwalira mu 1715, anaphunzitsa zofanana ndi za al-Ghazali, kuti olo ukafuna kukweza dzanja lako ndi Mulungu amene amalikweza pa nthawi imene iwe wafuna.

Hume: palibe amene anaonapo chingwe chake

David Hume wa ku Edinburgh ku Scotland, mu 1739, anatenga mfundo yomweyo koma anachotsamo Mulungu. Chitsanzo chake chinali cha mipira ya pa tebulo ngati ya pulu ija, wina wagunda unzake, unzakewo wayenda. Maso aona zinthu zitatu basi: yakhudzana, wina wayamba unzake watsatira, ndipo nthawi zonse zimatero. Chingwe chokakamiza kuti wachiwiriwo ayende palibe anachionapo. Hume anati chingwecho chili m'mutu mwathu, tazolowera kuona ichi chikutsatira icho nde maganizo amathamangira okha kutsogolo. Ndipo anafunsa funso lowawa, tikudziwa bwanji kuti mawa zinthu zichita ngati dzulo? Ukati poti zakhala zikutero nthawi zonse, wagwiritsa ntchito mfundo yomwe ukufuna kutsimikizayo.

Mnzake wa ku Scotland komweko, Thomas Reid, anamutsutsa ndi chitsanzo chachidule: usiku umatsatira usana nthawi zonse koma palibe amene amati usana ndi umene umachititsa usiku, nde kutsatizana kokha sikukwanira. Immanuel Kant, Mjeremani wa ku Königsberg, anavomereza kuti Hume anamudzutsa kutulo, ndipo mu 1781 anapereka yankho lake loti zoona chingwecho sitichitola ndi maso, koma si chizolowezi wamba, ndi momwe nzeru za munthu zinapangidwira, popanda icho sitikanatha olo kusiyanitsa chinthu chimene chikuchitika kunja ndi zithunzi zongodutsa m'mutu. Kaya kunja kwa nzeru zathu zinthu zilidi choncho, Kant anati zimenezo sitingazifikire.

Ku India: karma ndi unyolo wa zodalirana

Mawu oti karma masiku ano ali paliponse pa intaneti, munthu akaba foni kenako n'kugwa pa kabaza anthu amati karma. Koma chiphunzitso chenicheni cha Ahindu, Abuda ndi Ajaini n'chozama kuposa apo, chimati zochita za munthu zimabala zipatso zake pazokha, mwina m'moyo uno mwina m'moyo wina akadzabadwanso, ndipo kwa Abuda ndi Ajaini sipafunikanso woweruza wokhala kumwamba kuti zimenezi zitheke. Ife tili ndi mwambi woti choipa chitsata mwini, ukuyandikira, kungoti ife sitiphunzitsa za kubadwanso kambirimbiri.

Buddha anaphunzitsa kuti chilichonse chimabuka modalira zinthu zina, ichi chikakhalapo icho chimakhalapo, ichi chikatha icho chimatha, palibe woyambitsa woyamba, pali unyolo wa zodalirana basi. Chimene ambiri sadziwa n'choti m'malemba akale a Chibuda muli pomwe iye akukana kuti zowawa zonse zimachokera ku karma, akutchula ndulu, kusintha kwa nyengo, kusadzisamala ndi kumenyedwa ngati zoyambitsa zina. Nde olo kumeneko si aliyense wogweredwa khoma amene amati wakolola zake.

Afilosofi a ku India anakanganansonso pa funso lina: kodi chotsatira chimakhala chilimo kale mu choyambitsa? A gulu la Samkhya amati eya, mafuta amakhala alimo kale mu nthangala za chitowe, kufinya kumangowatulutsa, n'chifukwa chake sungafinye mchenga n'kupeza mafuta. A Nyaya amati ayi, nsalu ndi chinthu chatsopano chimene munalibe mu ulusi. Ndipo panali a Carvaka amene amakana karma yonse n'kumati zinthu zimangochita monga mwa chibadwa chake.

Kwathu kuno: bwanji iyeyu, bwanji lero

Apa nde pofunika kudekha chifukwa nkhaniyi imakhudza magazi a anthu. Azungu ambiri oyambirira amaganiza kuti Mwafirika akati ufiti ndekuti sadziwa kuti matenda ndi ngozi zili ndi zoyambitsa zachilengedwe. Amene anasintha maganizo amenewa anali E. E. Evans-Pritchard, Mngelezi wofufuza za chikhalidwe cha anthu, amene anakhala pakati pa Azande a kumene lero ndi South Sudan ndipo analemba za iwo mu 1937. Anafotokoza za nkhokwe imene anthu amakhala pansi pake pothawa dzuwa, tsiku lina yagwa n'kuvulaza anthu. Azande amadziwa bwinobwino kuti chiswe chinadya mitengo ya nkhokweyo, amadziwanso kuti anthu anakhalapo kamba ka kutentha. Chimene amafunsa n'choti bwanji zinthu ziwirizi zakumana pa mphindi yomweyo, pa anthu amenewa osati ena? Wasayansi amati zangokumanizana. Azande amati zongokumanizana si yankho, ndipo pa mpata umenewo ndi pamene amaikapo ufiti. Amayerekeza ndi kusaka, nyama imalasidwa ndi mkondo woyamba kenako wachiwiri, nde ufiti ndi mkondo wachiwiriwo.

Aliyense amene anakhalapo pa siwa m'mudzi akuzindikira zimenezi. Anthu amavomera kuti achipatala anena kuti ndi malungo kapena BP, koma pakona wina amanong'ona kuti pali dzanja la munthu, imfa imeneyi si ya Mulungu. Makolo athu anali ndi magulu awo a zoyambitsa ndipo sanali osokonekera ayi. Panali imfa ya Mulungu, ngati ya nkhalamba imene yatha masiku ake. Panali matenda obwera ndi mizimu ya makolo ikakwiya kapena ikafuna kukumbukiridwa. Panali mdulo kapena tsempho, pomwe munthu amatupa kapena kutsokomola kamba koti wina waphwanya mwambo wa zotentha ndi zozizira, monga kuthira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera kapena chigololo cha bambo mwana ali wakhanda. Ndiye panali ufiti. Mvula ikakana amapita kukapereka nsembe kwa Chauta ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje, koma anthu omwewo amadziwanso kusankha mbewu ndi kuwerenga mitambo ndi mphepo.

Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia ndipo buku lake linatuluka mu 1965, anapeza kuti kunenezana ufiti kumachitika kwambiri pakati pa achibale a mbumba imodzi, pomwe pali kale kukokana pa za ufumu, chuma ndi udindo. Ndekuti funso loti chachititsa n'chani limasanduka loti wachititsa ndani, ndipo chala chimaloza kumene kunali kale chidani.

Apa mpomwe nkhani ya mafilosofi imasiya kukhala ya m'kalasi. Mu Januwale 2016 ku Neno mtsikana anafa ndi mphenzi, ndipo anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Lamulo la za ufiti la mu 1911, la nthawi ya atsamunda, limaletsa kuneneza munthu kuti ndi mfiti, ndipo pakhala mkangano wautali woti lisinthidwe kapena ayi poti anthu ambiri amati limakana chinthu chimene iwo amachikhulupirira. Pa funso loti kuseri kwa zooneka kuli mphamvu zina kapena kulibe, owerenga agawanika ndipo sindikuwaweruza. Koma pa zoti agogo aphedwe kamba ka maloto a wina kapena ula wa sing'anga, pamenepo ine sindili pakati ayi, palibe mwa ziphunzitso zonse tazitchulazi chimene chimapereka njira yotsimikizira kuti mphenzi yatumidwa ndi uje.

Nanga asayansi amatsimikiza bwanji?

Chosangalatsa n'choti asayansi sanadikire kuti Hume ayankhidwe. Anapeza njira zogwirira ntchito olo funso lakuya lili chitsegukire. Mu 1854 kolera itavuta ku Soho mu London, anthu ambiri amakhulupirira kuti imabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala John Snow analemba pa mapu nyumba za omwalira n'kuona kuti zazungulira mpope umodzi wa madzi wa pa Broad Street, akuluakulu anachotsa chogwirira cha mpopewo. Kachilombo ka kolera kanadzatsimikizidwa ndi Robert Koch patapita zaka pafupifupi 30. Ife amene tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023 ikupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno tikudziwa kuti nkhani ya madzi si nthano.

Ya fodya inali yovuta kwambiri. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa kuti odwala khansa ya m'mapapo ambiri anali osuta. Koma katswiri wamkulu wa masamu a ziwerengero, Ronald Fisher, anatsutsa kuti mwina pali chinthu chachitatu cha m'magazi chimene chimapangitsa munthu kukonda fodya komanso kudwala khansa, nde fodyayo n'kukhala wosalakwa. Mwaona, ndi funso la Reid lija la usana ndi usiku. Ndipo pali osuta amene amafika zaka 90, pali osasuta amene amadwala. Mu 1965 Hill anatchula mfundo zisanu ndi zinayi zoyang'ana, monga kukula kwa kusiyana pakati pa osuta ndi osasuta, kupezeka kwa zotsatira zomwezo m'malo osiyanasiyana, kuti choyambitsa chizibwera patsogolo, komanso kuti wosuta kwambiri azikhala pa ngozi yokulirapo. Iye mwini anati si umboni wosatsutsika, ndi njira yoyezera basi. Lero nkhani ya fodya ndi khansa inatsimikizika, koma taonani kuti tanthauzo lasintha, kuchititsa pano sikukutanthauza kuti nthawi zonse, kukutanthauza kuti kumakweza mpata woti zichitike.

Njira ina imene afilosofi ngati David Lewis anaikonza mu 1973, ndipo makhoti amaigwiritsa ntchito pa milandu ya kusasamala, ndi yofunsa kuti pakanapanda ichi kodi icho chikanachitika? Pakanapanda mvula khoma silikanagwa. Koma pakanapanda zidina zosawotcha silikanagwanso, pakanapanda umphawi munthuyo akanamanga ndi simenti, pakanapanda kusowa malo mu tauni sakanakhala m'mbali mwa phiri, pakanapanda makala mitengo ikanagwira dothi. Zonsezi zimakhoza mayeso amenewo. Nde tikasankha chimodzi n'kuchitcha chifukwa chenicheni, nthawi zambiri timasankha chimene tikufuna kuchisintha kapena amene tikufuna kumuimba mlandu, injiniya aloza maziko, wa zachilengedwe aloza mitengo, wandale aloza chipani chinzake, mbusa aloza mtima wa munthu.

Za nyengo nazo zimayenda chimodzimodzi. Asayansi a gulu la World Weather Attribution ataunika mvula ya anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo namondwe Ana amene anaononga ku Chikwawa ndi Nsanje, ananena kuti kutentha kwa dziko kunakulitsa mvulayo, koma anadandaula kuti kuchepa kwa malo oyezera nyengo m'dera lathu kumalepheretsa kunena kuti kunakulitsa ndi mlingo wanji. Sanena kuti kusintha kwa nyengo kunapanga namondwe, amanena kuti kunamuwonjezera mphamvu.

Ndipo pansi penipeni, mu fizikisi, zinthu zinafika podabwitsa. Mu 1814 Pierre-Simon Laplace anati nzeru imene ingadziwe malo ndi liwiro la kanthu kalikonse m'chilengedwe ikhoza kuwerengera tsogolo lonse osaphonya. Koma sayansi ya tinthu tating'onoting'ono itabwera m'ma 1920 inapezeka kuti ukatenga maatomu (tinthu tating'onoting'onoto) a kaboni 14, mtundu wa kaboni umene umasweka wokha, theka lake limasweka pa zaka pafupifupi 5,730, koma palibe njira yodziwira kuti atomu iyi isweka liti, ndipo malinga ndi kamvedwe kofala palibenso chobisika chimene chimaisankha. Albert Einstein sanagwirizane nazo, mu 1926 analembera mnzake Max Born kuti Mulungu sachita maere. Mfilosofi wa ku Britain, Bertrand Russell, yekha anali atanena kale mu 1912 kuti fizikisi yokhwima sifunanso mawu oti choyambitsa, imangofuna masamu osonyeza momwe zinthu zimasinthira limodzi.

Zimene zidakali pa bwalo

Funso la Hume silinayankhidwe mokhutiritsa onse: kodi m'chilengedwe muli mphamvu yeniyeni yokakamiza, ngati momwe Ibn Rushd amanenera za moto, kapena muli dongosolo la kutsatizana basi ndipo chingwecho timaikamo ndife? Afilosofi a lero agawanikabe pamenepa.

Kwa okhulupirira, mfundo ya woyambitsa woyamba ndi zachiwiri imathandiza kuti munthu apemphere komanso amwe mankhwala osaona kutsutsana, koma siinathetse funso loti ngati Mulungu amadziwa ndipo akanatha kugwira khoma lija, kulola kumasiyana bwanji ndi kuchita? Ndipo ngati zonse zinalembedwa kale, mmisiri amene anaba simenti tingamuimbe mlandu pa chani? Osakhulupirira nawo asasangalale msanga, funso lomwelo likuwadikira, ngati maganizo a munthu ndi zotsatira za ubongo, ubongo ndi zotsatira za chibadwa ndi makulidwe, ufulu wosankha ukulowera pati? Ndipo kunena kuti maatomu amachita mwamaere sikuthandiza kwenikweni, sinanga maere si ufulu.

Palinso funso loti unyolowu uli ndi poyambira kapena ayi. Aquinas amati uyenera kutsamira pa china chosachititsidwa, Abuda amati poyambira sipaoneka ndipo kufunafuna pamenepo sikuchotsa kuvutika, asayansi amatifikitsa zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo pa chiyambi cha kufutukuka kwa chilengedwe koma amatsutsana ngati n'zomveka kufunsa za chimene chinalipo nthawi isanayambe.

Ndiye pali lija la Azande, loti bwanji iyeyu osati woyandikana naye amene khoma lake linali lofooka chimodzimodzi. Ena amati funsoli lilibe yankho ndipo munthu ayenera kuphunzira kukhala nalo choncho, ena amati yankho lilipo koma lili kwa Mulungu, ena amati lili m'moyo wapitawo, ena amalifunafuna pakati pa abale. Kodi dziko ngati lathu, limene m'khoti limavomereza umboni wooneka wokha pomwe anthu ake ambiri amakhulupirira mkondo wachiwiri, lilembe lamulo lotani loti lilemekeze chikhulupiriro cha anthu koma agogo a ku Neno ndi kwina kulikonse azigona osaopa?